Mtima ukamagunda mosokonekera: kukhala ndi mankhwala oletsa magazi kuundana

Ikani zala ziwiri pamkono panu, pamene pathera cikhatho, mbali ya cala cacikulu. Khalani phee pang'ono. Mukumva? Du, du, du. Umenewo ndi mtima wanu uli pa nchito. Munthu wamkulu akamapuma, mtima wake umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi. Umagunda mwadongosolo, ngati amayi awiri ozolowerana akusinja pamtondo umodzi: musi uwu ukakwera, winawo watsika.

Koma kwa anthu ena sizili conco. Mtima umathamanga, kenaka n'kuima pang'ono, n'kugunda kawiri motsatizana, n'kuthamanganso. Ena amati, “m'cifuwa muli ngati mbalame ikuphiriphitha.” Ena amangotopa msanga, kubanika akakwera kamtunda, kapena kumva cizungulire. Ndiye palinso ena amene samva kalikonse, mpaka tsiku limene namwino agwira mkono wawo n'kudabwa.

Pa pepala la kucipatala matendawa amawalemba kuti fibrilhação auricular, kapena mwacidule FA. Ife tingoti kugunda kosokonekera kwa mtima. Munthu atha kukhala nawo zaka zambiri, akulima, akugulitsa pamsika, akulera adzukulu. Koma pali cinthu cimodzi cimene ayenera kucimvetsa bwino: coopsa ceniceni si kuphiriphitha kumene amakumvako. Coopsa ndi cimene sacimva.

Cimacitika n'ciyani mumtima?

Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri pamwamba, ziwiri pansi. Zapamwamba zimalandira magazi n'kuwatsitsira m'zipinda zapansi. Zapansizo ndizo zimapopa magazi kupita kumapapo ndi m'thupi lonse. Pakati pa zipindazi pali titseko timene timatseguka ndi kutseka kuti magazi asabwerere m'mbuyo.

Cimene cimauza mtima kuti “gunda tsopano” ndi kamphamvu konga magetsi kamene kamayambira pamalo amodzi, m'cipinda capamwamba ca kumanja. Mwa munthu wa FA, kamphamvuka kamabuka malo ambirimbiri nthawi imodzi. Zipinda zapamwamba zimaleka kufinya bwino, zimangonjenjemera. Zapansi nazo zimalandira uthenga wosalongosoka, n'cifukwa cake zimagunda modumphadumpha.

Kugwira mkono kumangopereka cikayiko. Cotsimikiza ndi kupima kwa ECG, kumene amamata tinthambo pacifuwa, makina n'kujambula kagundidwe ka mtima papepala. Sikupweteka, ndipo kumatenga mphindi zocepa. Nthawi zambiri amaunikanso mtima ndi makina a ecografia kuti aone ngati titseko tija tili bwino.

Amadwala ndani?

Matendawa amakonda anthu okalamba, ndi amene ali ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri timangoti tensau. Amabweranso ndi mtima wofooka, kunenepa kwambiri, matenda a shuga, cithokomiro cogwira nchito mopitirira, ndi kumwa mowa kwambiri.

Koma kwathu kuno si okalamba okha ayi. Pali anyamata ndi amayi a zaka 25 kapena 30 amene ali ndi FA. Gwero lake nthawi zambiri ndi zilonda zapakhosi za paubwana. Tizilombo tina toyambitsa zilonda zapakhosi tikapanda kuphedwa ndi penicilina, thupi polimbana nato limatha kuvulaza titseko ta mtima wake womwe. Mwana amacira pakhosi, aliyense n'kuiwala. Zaka zikamapita, katseko kamauma n'kucepa, cipinda capamwamba cimakula cifukwa magazi akuvutika kudutsa, kenaka mtima umasokonekera.

Vutoli si laling'ono. Mu 2007, gulu la madotolo, mmodzi mwa iwo Dr. Ana Olga Mocumbi wa kuno ku Mozambique, linafalitsa zimene linapeza litapima ana asukulu 2170 ku Maputo. Pomvetsera pacifuwa anapeza ana 5 okha ovulala titseko. Pounika ndi makina anapeza ana 66, ndiye kuti pafupifupi ana 30 pa 1000 aliwonse. Conco mwana akamalira pakhosi, thupi litatentha, musamangomupatsa madzi a mandimu basi. Pitani naye akaonedwe.

Phala losavundula limacita mibulu

Mayi aliyense akudziwa zimene zimacitika phala likasiyidwa pamoto osavundula. Limacita mibulu. Magazi nawonso ndi cimodzimodzi. Akamayenda mothamanga amakhala osalala. Akadikha pamalo amodzi amayamba kuundana.

M'cipinda capamwamba ca kumanzere muli kathumba kakang'ono. Cipindaco cikamangonjenjemera, magazi amadikha m'kathumbamo n'kupanga mbulu. Tsiku lina mbuluwo umatha kusomphoka, n'kutengedwa ndi magazi kupita kumutu, kumene umakatseka mtsempha wodyetsa ubongo. Mbali ya ubongo imene yasowa magazi imayamba kufa m'mphindi zocepa. Zimenezi ndizo timati kufa ziwalo, kapena trombose. Madotolo amalemba kuti AVC, ndipo abale athu a ku Malawi amati sitiroko.

Munthu wa FA ali pa ngozi ya kufa ziwalo pafupifupi kasanu kuposa mnzake wopanda matendawa. Ndipo kufa ziwalo kobwera ndi FA kumakhala kwakukulu, cifukwa mbulu wocokera mumtima umatseka mtsempha waukulu. Munthu amene dzulo amapalira m'munda, lero sangathe kunyamula cikho, sangathe kuchula dzina la mwana wake. Ngoziyi ilipo ngakhale kwa uja amene mtima umamusokonekera mwa apo ndi apo, ngakhalenso kwa uja wosamva kanthu.

Mankhwala a mitundu iwiri, nchito ziwiri

Kawirikawiri wodwala amapatsidwa mankhwala a mitundu iwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka.

Oyamba ndi ocepetsa liwiro la mtima, monga atenolol, bisoprolol kapena digoxina. Awa munthu amawamva nchito yake. Kubanika kumacepa, tulo timabwera, mphamvu zimabwerera.

Aciwiri ndi oletsa magazi kuundana. Anthu amati “osungunula magazi”, koma sikuti amasandutsa magazi kukhala madzi ayi. Amangocedwetsa kuundana kuti mbulu usapangike. Awa munthu sawamva. Amwe, asamwe, m'thupi amamva cimodzimodzi. Ndiye ena amati, “Ine ndili bwinobwino, nanga awa ndimweranji?” n'kusiya. Mtima wakhazikika, inde, koma kathumba kaja kadakalipo, ndipo magazi adakadikhamo. Ocepetsa liwiro sateteza ku trombose.

Si aliyense wa FA amene amafunika mankhwala aciwiriwa. Dotolo amayang'ana zaka, makamaka kuyambira 65, tensau, shuga, mtima wofooka, ndiponso ngati munthu anafapo kale ziwalo. Amene katseko kake kanacepa cifukwa ca matenda a paubwana aja amafunika mankhwalawa ngakhale ali wamng'ono. Ambiri amene ayamba amamwa moyo wawo wonse.

Varfarina ndi anzake

Mankhwala odziwika kwambiri ndi varfarina, amene m'maiko olankhula Cingerezi amalembedwa warfarin. Mbiri yake ndi yodabwitsa. M'zaka za m'ma 1920, ng'ombe za kumpoto kwa America ndi ku Canada zinkafa ndi kutaya magazi zitadya msipu wouma umene unacita nkhungu. Akatswiri a ku Wisconsin, motsogozedwa ndi Karl Paul Link, anapeza cimene cinali mu msipuwo. Mu 1948 anapanga mankhwala ophera makoswe, ndipo mu 1954 varfarina analoledwa kuperekedwa kwa anthu. Ena akamva za makoswe amacita mantha. Musaope. Nkhani yagona pa muyezo. Ngakhale mcere umene timathira m'ndiwo tsiku ndi tsiku, utacuruka umavulaza.

Varfarina akamamwedwa bwino amacotsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ngozi ya kufa ziwalo. Aspirina sangalowe m'malo mwake. Amathandiza pang'ono cabe pa FA, pamene nayenso amatha kutulutsa magazi m'mimba.

Masiku ano kuli mankhwala atsopano monga rivaroxabano, apixabano ndi dabigatrano. Ubwino wake ndi woti safuna kupimitsa magazi pafupipafupi, ndipo sasokonezeka ndi ndiwo. Koma ndi odula, sapezeka paliponse, ndipo sayenera aliyense. Mu 2022 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wochedwa INVICTUS, wa anthu oposa 4500 m'maiko 24 a mu Africa, Asia ndi Latin America. Onse anali ndi FA yobwera ndi titseko tovulala paubwana. Amene ankamwa varfarina kapena mankhwala a mtundu wake anamwalira ocepa kuposa amene ankamwa rivaroxabano. Conco ngati vuto lanu ndi la katseko, musaone ngati akupatsani zacikale. Akupatsani zoyenera inuyo. Amenenso anaikidwa katseko kacitsulo pa opaleshoni amamwa varfarina basi, osati atsopanowa.

Nambala yoyenera kuidziwa: INR

Walira mvula walira matope. Mankhwala oletsa mbulu amacititsanso kuti magazi acedwe kuleka munthu akavulala. Akacepa m'thupi sateteza, akacuruka munthu amataya magazi. Ndiye pamafunika kupima.

Kupimako kumachedwa INR. Munthu wosamwa mankhwala INR yake imakhala pafupi ndi 1. Wa FA amene akumwa varfarina nthawi zambiri amafunika kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ena oikidwa katseko kacitsulo amauzidwa 2,5 mpaka 3,5. Poyamba amapima pakapita masiku ocepa kapena sabata iliyonse, cifukwa muyezo wa munthu uyu si wa munthu uyo. Nambala ikakhazikika, ambiri amapima kamodzi pamwezi.

Apa tisabisane, pali bvuto la mtunda. Si cipatala ciliconse caching'ono cimene cimapima INR. Munthu wa ku Tsangano, Macanga, Chifunde kapena kunyanja ku Metangula angafunike ulendo ndi ndalama ya galimoto. Conco musanayambe mankhwala, funsani momveka: “Ndizikapimitsa kuti? Tsiku liti? Nanga mlatho ukaduka dzinja ndicite bwanji?” Uzani dotolo zoona za kumene mumakhala ndi zimene mungathe. Pabanja, ndalama ya ulendo wa INR iikidwe padera monga timaikira ya feteleza. Ngati mumalandira kale mankhwala ena mwezi ndi mwezi, pemphani kuti masikuwo awaphatikize.

Khalani ndi kabuku. Muzilembamo tsiku, nambala ya INR, ndi muyezo umene mwauzidwa. Ngati kulemba kukuvutani, mwana kapena mdzukulu akulembereni. Kabukuko kazikhala m'thumba paulendo uliwonse.

Kamwedwe kake

Imwani kamodzi patsiku, nthawi yofanana. Ambiri amasankha madzulo, pa nsima. Mukaiwala n'kukumbukira tsiku lomwelo, imwani. Mukakumbukira mawa lake, la dzulo lapita basi, musaphatikize awiri. Ingolembani m'kabuku.

Yang'anani nambala ya mg pa paketi, osati mtundu wa piritsi. Varfarina amapangidwa wa mphamvu zosiyanasiyana, monga 1 mg, 3 mg ndi 5 mg. Izi n'zofunika kwambiri kwa ife a m'malire. Munthu wa ku Angónia atha kulandira mankhwala ku Ulónguè mwezi uno, mwezi wamawa n'kukagula ku Dedza. “Piritsi limodzi” la uku silingakhale lofanana ndi “piritsi limodzi” la uko. Pitani kukatenga ena akadalipo a sabata imodzi, osadikira kuti paketi ithe. Ndipo musagawireko mnzanu ngakhale akudandaula zofanana ndi zanu.

Nanga ndiwo zamasamba?

Varfarina amagwira nchito polimbana ndi vitamini K, amene thupi limagwiritsa nchito poundanitsa magazi. Vitamini ameneyu amacuruka m'masamba obiriwira: nkhwani, bonongwe, mpiru, repu, cisoso, kholowa, cigwada. Ena akamva izi amaleka masamba onse. Kumeneko n'kulakwitsa. Masamba ndi cakudya cabwino, ndipo kwa ambiri a ife ndiyo ndiwo imene ilipo.

Cofunika ndi kusasinthasintha. Ngati mumadya masamba masiku ambiri pasabata, pitirizani conco, dotolo adzakonza muyezo molingana ndi kadyedwe kanu. Bvuto limabwera pamene munthu wadya nyemba ndi usipa mwezi wathunthu, kenaka mvula yagwa, nkhwani wabuka, akudya masana ndi madzulo. INR imatsika, citetezo n'kucepa. Cilimwe masamba akasowa, INR imatha kukwera. Conco nyengo ikamasintha, kapena mukapita kukakhala kwa abale kumene amadya zina, musadumphe tsiku lopimitsa. Kudwala malungo, kutsegula m'mimba kapena kukhala masiku osadya bwino kumasokonezanso nambalayi.

Mowa nawo ndi mdani pawiri. Umadzutsa kusokonekera kwa mtima, komanso kuledzera kumakweza ngozi ya kutaya magazi ndi ya kugwa. Kacasu ndi mowa wina woocha, ndi bwino kungosiyiratu.

Safunsa anadya phula

Mankhwala ambiri amalimbana ndi varfarina. Opha ululu monga ibuprofeno, diclofenac ndi aspirina amatha kutulutsa magazi m'mimba. Mutu ukawawa imwani paracetamol pa muyezo wake, ndipo ngati mukumwa masiku angapo motsatizana, kanenani.

Cotrimoxazol, metronidazol ndi fluconazol amakweza INR, nthawi zina kwambiri. Rifampicina, amene ali m'mankhwala a cifuwa cacikulu, amacita zosiyana: amafooketsa varfarina, ndiponso amafooketsa atsopano aja. Ma ARV ena nawonso amasintha mphamvu yake. Izi sizikutanthauza kuti musiye mankhwala a TB kapena ma ARV, ayi ndithu. Zikutanthauza kuti amene akukupatsani adziwe, kuti INR ipimidwe pafupipafupi poyamba ndi pomaliza.

Mau ake ndi ocepa: “Ndimamwa varfarina.” Anenani kwa namwino asanakubayeni jekeseni, kwa wozula mano, kwa wogulitsa mankhwala, ndi kwa aliyense wofuna kukucitani opaleshoni kapena mdulidwe. Mankhwala a zitsamba nawo ndi mankhwala, ndipo palibe angakuuzeni kuti muzu wakutiwakuti ucita ciyani ndi INR yanu. Kutema mphini n'koopsa kwa munthu amene magazi ake amacedwa kuleka.

Mau kwa amayi

Varfarina amatha kuvulaza mwana m'mimba, makamaka kuyambira sabata ya 6 mpaka ya 12, nthawi imene mayi mwina sanadziwe n'komwe kuti waima. Atsopano aja nawo saperekedwa kwa woyembekezera. Ngati mukufuna mwana, kambiranani ndi dotolo musanatenge pathupi, pamodzi ndi bambo a kunyumba. Mukaona kuti mwadumpha mwezi, pitani kucipatala msangamsanga, osati kungosiya mankhwala panokha. Pali jekeseni wa heparina amene angagwiritsidwe nchito m'malo mwake. Kuyamwitsa mukumwa varfarina n'kololedwa. Ngati msambo wacuruka kuposa kale, musacite manyazi kunena. Ilipo njira yothandizira.

Magazi akamatuluka

Kabala kakang'ono ka mpeni kapena khasu: tsindikani ndi nsalu yoyera kwa mphindi 10 osasuzumira. Kamfuno: khalani tsonga, weramirani kutsogolo pang'ono, finyani mphuno pofewa paja kwa mphindi 10 mpaka 15.

Koma izi zikaoneka, thamangirani kucipatala tsiku lomwelo: magazi osaleka, cimbudzi cakuda bii ngati phula la mumseu, kusanza magazi, mkodzo wofiira, mabanga aakulu pakhungu osadziwa comwe cakugundani, kapena mutu woopsa wobwera mwadzidzidzi. Mukagwa panjinga kapena panjinga yamoto n'kumenyetsa mutu, pitani ngakhale mukuona ngati palibe kanthu. Magazi amatha kudontha m'kati mwa mutu pang'onopang'ono. Kucipatala ali ndi njira yobwezera mphamvu ya varfarina, ndipo imodzi mwa izo ndi vitamini K yemwe uja.

Zizindikiro za kufa ziwalo: banja lonse lidziwe

Mankhwala amacepetsa ngozi, koma saithetseratu. Wodwalayo pa nthawiyo mwina sangathe kudzinenera, ndiye a pakhomo ndiwo ayenera kudziwa. Muuzeni amwetulire: kodi kamwa yapotokera mbali imodzi? Muuzeni akweze manja onse: kodi mkono wina ukugwa? Mulankhulitseni: kodi lilime lalemera, kapena mau sakumveka? Cimodzi cokha mwa izi cikwanira.

Musadikire kuti kuce. Musamupatse cakudya, madzi kapena piritsi lililonse, cifukwa atha kutsamwa, komanso pakhomo simungadziwe ngati mtsempha watsekeka kapena waphulika. Mugonekeni cammbali, kumbukirani ola limene zayamba, tengani kabuku ndi mapaketi a mankhwala, funani galimoto. Ngakhale zizindikiro zitatha zokha pakapita mphindi zocepa, pitanibe. Limenelo ndi cenjezo.

Zoterezi zikagwa mwadzidzidzi, pamudzi pamamveka zambiri. Ena amati wamenyedwa ndi nyundo ya afiti, n'kuyamba kulozana zala. Pamene akulu akukambirana kuti apite kwa yani, ubongo ukufa. Yambani mwafika kucipatala. Mbulu wocokera mumtima sufuna mdani kuti upangike.

Moyo ukupitirira

Kumwa mankhwalawa si kukhala cigonere. Limani, yendani, pitani kuchalichi kapena kumzikiti, vinani paukwati. Kuyenda ndi kugwira nchito mosapanikiza kumathandiza mtima. Cepetsani mcere, siyani fodya, pimitsani tensau, valani nsapato kumunda. Ngati munauzidwa kubayitsa penicilina pakapita masabata atatu kapena anayi cifukwa ca katseko, musadumphe.

Mutu umodzi susenza denga. Pakhomo pakhale munthu wina wodziwa dzina la mankhwala anu, muyezo wake, ndi tsiku la INR. Ndipo tsiku limene mudzadzuke muli ndi mphamvu, mtima uli zii, n'kuganiza kuti mwacira, dzafunseni dotolo musanasiye kalikonse. Piritsi lija simulimva cifukwa nchito yake ndi yoletsa cinthu kuti cisacitike. Mwezi ukatha mukuyenda ndi miyendo yanu, mukudya ndi dzanja lanu, mukuitana adzukulu ndi maina awo, dziwani kuti likugwira.

Madzulo ano, mukatha kudya, gwirani mkono wa agogo, wa amayi kapena wa bambo. Werengani kwa mphindi yathunthu. Ngati ukudumphadumpha, musaope, koma musakhalenso cete. Mawa apite akapimidwe.